Mneneri Amene Anatsalira Padoko

Pa maliro a amalume anga a Barnaba, mwezi wathawu ku Lungwena, amene anayankhula m'malo mwa banja anali a Stefano, mng'ono wawo. Anayankhula bwino, zimenezo sindikana. Akakweza dzanja lawo loduka zala lija anthu ankagwedeza mitu, amayi ena amene anali atatonthola kale anayambiranso kulira, ndipo pobalalika aliyense ankanena kuti a Stefano ndi munthu wamtima. Ine ndinakhala pafupi ndi bokosi, mtima ukuwira. Ngakhale pa tsiku lawolawo, tsiku limene munthu salimbirana ndi wina, amalume anga anachoka pakamwa pa anthu n'kulowapo mng'ono wawo. Akadakhala ndi mphamvu akadadzuka, osati chifukwa chokonda moyo, koma kuti amuuze mnyamatayo akhale pansi.

Mnyamatayo ndi mmene ankawatchulira, ngakhale kuti a Stefano ali ndi imvi mutu wonse ndi zidzukulu zapabanja.

Onse awiri ndi alongo awo a mayi anga. Mayi atamwalira ine ndinakulira m'nyumba ya a Barnaba, ndipo akazi awo atatsogola ndine amene ndinkawaphikira. Choncho musayembekezere kuti mlanduwu ndiuweruza molungama. Ndili mbali yawo, ndipo ndinali mbali yawo ngakhale pamene ankalakwa masanasana.

Chinthu chimodzi chokha chimene a Barnaba anali nacho, chimene mng'ono wawo analibe, chinali kuwerenga mawu m'tchalitchi. Zina zonse a Stefano ndiwo ankayamba. Bambo awo atafooka, a Barnaba ndiwo anasiya sukulu asanadziwe ngakhale kulemba dzina lawo, n'kulowa m'bwato kuti wamng'onoyo aphunzire. Wamng'onoyo anaphunziradi, anapita kumigodi ku Joni, ndipo anabwerako ndi injini yoyamba kulira padoko pathu. Anali woyamba kufolera ndi malata, woyamba kugula wailesi, woyamba kutumiza mwana kusekondale. Ndipo chowawa kwambiri chinali chakuti sankanyada. Akadakhala wonyada bwenzi zili zosavuta, chifukwa munthu wonyada umamuda n'kugona tulo tabwino. Iwo ayi. Akapha chambo chachikulu ankatumiza kwathu, ati achimwene alawe. A Barnaba ankachiyang'ana chambocho ngati chawatukwana, kenako n'kundiuza kuti ndikapatse agalu. Ndikachiphika mobisa ankadya ndithu, osafunsa kumene chachokera.

Malata a mng'ono wawo atakwera, a Barnaba anauza aliyense kuti malata amaitana mphezi ndiponso amaphika ana. Patapita zaka anafolera yawo, ndipo anauza mmisiri kuti awonjezere mizere ya njerwa mpaka denga lawo liyang'ane la mnyamatayo pamutu. Nyumbayo inatalika ngati nkhokwe, mwera ukawomba inkalira usiku ndi usana, koma iwo ankati ndi nyumba yopuma bwino.

Kuwerenga anaphunzira okha ali bambo wa ana, chala chili pa mzere, akufunsa ana asukulu chilembo chimodzichimodzi. Sanawerengepo buku lina lililonse koma Baibulo. Ankawerenga pang'onopang'ono ngati munthu wosenza mtolo wolemera, koma liwu linali lawo. Ndi liwu lija lokulira pamadzi, lozolowera kuitana bwato lili kutali mphepo ikulimbana nalo. Akaima kutsogolo ndi malaya awo oyera, magalasi atamangidwa ndi ulusi wa ukonde kumbuyo kwa mutu, ngakhale ogulitsa zitumbuwa kumsewu ankadziwa kuti lero tili m'buku liti. A Stefano amawerenga Chingerezi ndi Chichewa chomwe mosaphunthwa, koma kamawu kawo n'kosafika pa benchi lachitatu. Pamenepo pokha ndi pamene Mulungu anakumbukira kuti wamkulu ndani, ndipo a Barnaba ankapasamala ngati diso.

Mawu awo apamtima anali a mneneri Yesaya, aja amawerengedwa m'masabata oyembekezera Khirisimasi. Amayamba ndi mphukira yotuluka pa chitsa, kenako amanena za nthawi imene zilombo zolusa zidzagona pamodzi ndi ana a nkhosa, mkango n'kumadya udzu ngati ng'ombe. Mawu a tsikulo amayenera kuthera pamenepo, wowerenga n'kutseka buku. A Barnaba sankatseka. Ankanyowetsa chala n'kupitirira kunsi, kumene mneneri akunena kuti Mulungu adzasonkhanitsa anthu ake obalalika, ndipo iwo adzagwera Afilisti kumadzulo, adzafunkha za anthu a kum'mawa, Aedomu ndi Amowabu ndi Aamoni n'kuwagonjera. Akafika pamenepo liwu linkakwera, dzanja n'kuloza kuwindo la kunyanja, ndipo tonse tinkatembenuka ngati kuti tiwaona Afilistiwo.

Ndipo tinkawaonadi. Kwa ife a ku Lungwena kumadzulo ndi kunyanja, ndipo kuchokera kutsidyako kumabwera ziboti zikuluzikulu za injini. Zimayenda ziwiriziwiri, ukonde uli pakati, zikukokolola chilichonse cha pansi pa nyanja ndi tiana ta chambo tomwe. Malo ake ndi kwakuya, koma zina zinazolowera kulowa m'madzi osaya, kumene anthu athu amatchera matchera, maukonde aja osiyidwa m'madzi kuti nsomba zikodwe zokha. Chiboti chikadutsa, munthu ankapita kukaonjola n'kupeza zidutswa. Kwa a Barnaba panalibe chofunsa, Afilisti anali amenewo. Anthu a kum'mawa anali akuba mbuzi otsika m'mapiri. Amowabu ankasinthasintha malinga ndi amene wawakwiyitsa sabata imeneyo, nthawi zambiri ogula nsomba obwera ndi malole. Ankakonda kunena kuti Mulungu salonjeza zinthu za kumwamba zokha, chifukwa amene anapanga mimba ndi yemweyo. Ankatinso tsiku likubwera lakuti maboti athu ang'onoang'ono adzazinga ziboti zija ngati njuchi. Anyamata apadoko anawapatsa dzina loti Mneneri, poyamba mowaseka, kenako linangokhala dzina.

Koma pakati pa kusonkhanitsa anthu kuja ndi nkhondoyo pali mzere umodzi. Umanena kuti Efraimu adzaleka kuchitira nsanje Yuda, Yuda naye adzaleka kuvutitsa Efraimu, ndipo akatero ndi pamene adzapite limodzi kukagonjetsa adaniwo. Chaka ndi chaka, a Barnaba akafika pa mzere umenewu chifuwa chinkawagwira. Ankatsokomola, kukonza magalasi, kung'ung'udza kenakake kukhosi, ndipo liwu likamabwerera n'kuti tili kale pa Afilisti. Mpingo wonse unkadziwa. Ana ankayeserera chifuwacho pobwerera kunyumba. A Stefano, amene ankakhala benchi lachiwiri, ankangoyang'ana zikhadabo zawo.

Ansembe ambiri anawalekerera, poti ankabwera kamodzi pamwezi ndipo sankafuna kuyambana ndi munthu amene amawasungira mpingo. Koma kunabwera wina wachinyamata, woyenda pa njinga yamoto kuchokera ku Boma, amene anaganiza zowakonza. Anawaitanira kuseri kwa tchalitchi, ine ndili pomwepo kupinda nsalu za paguwa.

“A Barnaba, mawu a lero amathera pa mwana wa nkhosa paja.”

“Amathera pamenepo kwa inu a ku Boma, Abambo, amene nsomba mumakumana nayo ili kale m'mbale. Mneneri sanatseke pakamwa pamenepo.”

Wansembeyo anafotokoza modekha kuti mphukira ija ndi Khristu, ndipo adani amene akunenedwawo ife Akhristu timawamva kuti ndi uchimo ndi imfa. Anati mitundu ija sidzagonja ndi mikondo, idzagonja pokokedwa kulowa m'khola limodzi.

“Uchimo ndimaudziwa,” anatero a Barnaba, “koma sunang'ambepo matchera anga.”

“Chabwino. Nanga mukudziwa kuti Aedomu amene mumawagonjetsa chaka ndi chakawa ndi ana a yani?”

Wansembeyo anadziyankha yekha.

“Ndi ana a Esau, wamkulu uja amene mng'ono wake anamupitirira.”

Wansembeyo sankadziwa pamene waponda. A Barnaba moyo wawo wonse ankamuikira kumbuyo Esau. Zinkawapweteka kuti m'buku limene ankalikonda chonchi Mulungu amangosankha ang'ono, Yakobo, Yosefe, Davide, ngati kuti kubadwa woyamba ndi mlandu. Tsono kumva kuti m'mawu awo apamtima omwewo wamkulu wopitiriridwa ali kumbali ya ogonjetsedwa! Tsiku limenelo sanadye. Mawa lake, akusoka ukonde, anandiuza osandiyang'ana kuti nkhani ya Esau anailemba ndi a kwa Yakobo, ndipo akadafunsidwa mwini wake bwenzi tikuwerenga zina.

Pa chinthu chimodzi sanalakwepo, ndipo ndikufuna chidziwike. Kunabwera mlaliki wina wa misonkhano yapabwalo, wa zokuzira mawu, amene anamva kuti kuno timakonda mawu amenewa. Pofuna kutisangalatsa analalikira kuti anthu a kum'mawa oyenera kugonjetsedwawo ndi anansi athu a kumzikiti. A Barnaba anaimirira pakati pa ulalikiwo, ndipo sanafune chokuzira mawu.

“Mwana iwe, tsiku limene mwera unagubuduza bwato langa, amene anandigwira tsitsi n'kundivuula ndi Che Saidi. Iwe unali kuti? Adani athu timawadziwa tokha, usatibweretsere ena.”

Che Saidi ndi mnzawo wa bawo, msodzi mnzawo kuyambira unyamata. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kutsamwa, nati Che Barnaba angakangane ndi dziko lonse koma mdani wawo weniweni amagona kuseri kwa nyumba yawo. Ndi munthu yekhayo amene ankatha kunena zimenezi pamaso pawo n'kupitiriza kusewera.

Tsiku lija Mneneri ankalinena linafika ndithu, ndipo ndi limene linawathyola.

Chaka chimenecho ziboti zinanyanya. Panali mabanja amene anatayikiridwa matchera onse, ana n'kusiya sukulu. Komiti ya padoko inaitana asodzi onse, Akhristu ndi Asilamu omwe, ndipo anapangana kuti ziboti zikadzalowanso kosaya, maboti onse a injini adzatuluke pamodzi, adzazizinge, n'kuzigwira mpaka a boma oyang'anira za nsomba afike. Maboti a injini sanali ambiri, choncho lililonse linapatsidwa mbali yake. La a Barnaba, limene mwana wawo wa ku Blantyre anawagulira injini, linali lalikulu ndi lothamanga, ndipo linapatsidwa mbali ya kumpoto, kumene chiboti chothawa chimalowera kwakuya.

A Barnaba anapita ku msonkhanowo atavala malaya oyera a kutchalitchi, pakati pa sabata. Ine ndinawasita ndekha. Ndinkadziwa chimene akuyembekezera. Itafika nkhani yosankha wotsogolera, wina anatchula a Stefano, poti amadziwa Chingerezi ndipo angathe kuyankhula ndi a boma ndi eni ziboti popanda kupsa mtima. Anthu anawomba m'manja, nkhani n'kutha.

A Barnaba anaimirira. “Kodi amene anakuuzani kuti tsiku lino lidzafika ndani?”

“Ndinu, Mneneri,” anayankha anyamata mosangalala, osaona nkhope yawo.

“Pamene munkandiseka, mnyamatayu ananenapo chiyani?”

A Stefano anaimirira nawo. “Achimwene, tsogolerani ndinu. Ine ndidzangoyankhula ndi a bomawo.”

Akadangokhala chete! Kupatsidwa utsogoleri ndi mng'ono wawo, pamaso pa doko lonse, ngati mmene ankawatumizira chambo chija. Ndinaona khosi la amalume likufufuma. Anati sadya zotsala, ndipo anachoka. Anthu anaganiza kuti ndi mkwiyo wa tsiku limodzi, poti chibale ndi fupa sichiola, ndipo mbali ya kumpoto anaisiya m'manja mwawo.

Patapita masiku ochepa, m'mawa dzuwa litatuluka, mfuu inamveka kuti Afilisti alowa. Doko lonse linadzuka. Mainjini analira, amayi anathamangira kumchenga ana ali kumsana. Anyamata a boti lathu anafika pakhomo akupuma mwawefuwefu, n'kupeza amalume atakhala pakhonde, ukonde uli pamiyendo, akusoka.

“Mneneri, tiyeni! Anzathu anyamuka kale!”

“Injini yadwala.”

“Dzulo lomweli inalira bwinobwino!”

“Ndati yadwala. Injiniyo ndi ya bambo ako?”

Ine ndinagwada pafupi nawo. Ndinati amalume, ndi tsiku lanu lija, mwalilalikira zaka zonsezi, ngati simukufuna kupita aloleni anyamatawa apite okha. Anandiyang'ana ndi maso ofiira.

“Aginesi, nawenso wapita kwa Yuda?”

Sanatchulepo mayina amenewa kunja kwa tchalitchi, ndipo apa ndi pamene ndinadziwa kuti mzere ankautsokomola uja ankaudziwa bwino kuposa mizere ina yonse. Anapitiriza kusoka. Koma mfundo zimene ankamanga zinali zoti adzamasulenso.

Zonse zinkaoneka kuchokera pamtunda. Timaboti tathu tinazungulira ziboti ziwirizo monga momwe iwo ankanenera, ndipo amayi anayamba nthungululu. A Barnaba sanadzutse mutu, koma ndinkaona kuti khutu lili konko. Mphete ya timabotiyo inatsekeka mbali zonse kupatula kumpoto. A m'chiboti chimodzi anaona mpatawo, anadula chingwe cha ukonde wawo n'kuthawira momwemo. A Stefano anali atagwira chingwe chomwecho kuti achimangirire ku boti lawo, ndipo chitakoka mwadzidzidzi chinapita ndi zala zawo ziwiri. Chiboti chinacho chinagwidwa, a boma anafika n'kuchitenga pamodzi ndi ukonde wake, ndipo kwa nthawi ndithu matchera a anthu anapuma.

Anabwerako akuimba nyimbo za kutchalitchi zosakaniza ndi za Chiyao, a Stefano atawanyamula m'mwamba, dzanja litakulungidwa m'malaya ofiira ndi magazi, ulendo wa kuchipatala. Gululo linadutsa pakhomo pathu penipeni. Palibe amene anatukwana. Anangosiya kuimba pamene ankadutsa, n'kuyambiranso atapitirira. Ine ndinalira, ndipo sindinalirire zala za a Stefano. Ndinalira chifukwa ulosi wa amalume anga unakwaniritsidwa iwo ali pakhonde, ulemu wake n'kugwera munthu amene sanaulalikirepo ngakhale kamodzi. Ngakhale bala lenilenilo linawakomera a Stefano. Kuyambira tsiku limenelo akangokweza dzanja pamsonkhano, anthu amakhala chete.

A Barnaba sanapite kukawaona kuchipatala. Kwa Che Saidi anati mneneri analonjeza adani onse, ndipo ngati wagwidwa mmodzi yekha ndiye kuti wotsogolera sanali woyenera. Che Saidi anakolola njere za bawo n'kuziika m'thumba, nati lero sasewera.

Akuluakulu a mpingo anakhala pansi. Ambiri anati munthu amene wasiya anzake pankhondo chifukwa cha kaduka sangaimenso kutsogolo ndi buku, ndipo anagwirizana zoti kuwerenga kupite kwa a Stefano. A Barnaba anamva mphekesera zake ndipo anaonda m'masiku ochepa. Ankasita okha malaya oyera aja Lachisanu, n'kuwasitanso Loweruka. Koma Lamulungu litafika palibe amene anawaletsa. Anawerenga, sabata yotsatira anawerenganso, ndipo anayamba kuyenda mowongoka. Anandiuza kuti akuluakuluwo ayesa kufunafuna liwu lina koma alephera, chifukwa mphatso siibwerekedwa.

Zoona zake anawaululira ndi mayi wina wosasunga pakamwa, pa chitsime, poganiza kuti akunena zabwino. Anati a Barnaba muli ndi m'bale, inu. Anafotokoza kuti a Stefano, ali ndi bandeji, anapita kwa akuluakuluwo n'kuwauza kuti akawachotsa achimwene awo iwonso asiya tchalitchi, chifukwa munthuyo anasiya sukulu kuti iwo aphunzire ndipo kuwerengako ndi kokhako kumene anadzipezera yekha.

Lamulungu lotsatira amalume anavala malaya a mizeremizere. Anatenga Baibulo la mpingo, limene linkagona kwathu, analikulunga m'nsalu, anakaliika paguwa anthu asanafike, n'kukakhala benchi lakumbuyo pafupi ndi chitseko. Wansembe anawatumira anthu, iwo anati maso afooka. A Stefano anabwera okha kunyumba, koyamba pa zaka zambiri, n'kuima pabwalo.

“Achimwene, ndalakwanji?”

“Unanditumizira nsomba, ndinadya. Unandipatsa utsogoleri, ndinakana. Tsopano ndi mawu a Mulungu omwe ndiziwerenga chifukwa iwe wandipemphera? Chinali changa chimenechi, Stefano. Chimodzi chokha.”

“Ndi chanube.”

“Chinali changa pamene unalibe mphamvu yondisungira.”

Sanawerengenso. A Stefano nawo anakana kuwerenga, choncho ntchitoyo inapita kwa aphunzitsi a pasukulu, amene amawerenga bwino ndi kutseka buku pamalo pake. Zaka zonse zotsalazo a Barnaba sanajombe kutchalitchi, koma ankangoyendetsa milomo kumbuyoko, ndipo wowerenga akaphunthwa ankamveka akudzuma. Anthu amati anadzilanga okha. Ine ndimati analandidwa, ndipo anawalanda ndi chifundo, chimene munthu sungapite nacho kubwalo la milandu. Ndikudziwa kuti a Stefano sanalakwe. Kudziwako sikunandithandizepo kuwakonda.

Matenda atawagwira a Barnaba tinawagoneka pabalaza kuti tiziwasamala bwino. Masana ena, atatsala pang'ono, anandituma kuti ndikaitane mnyamatayo. A Stefano anabwera ndi ndodo yawo, nakhala pampando, chipewa chili pabondo. A Barnaba analoza Baibulo lawo lakale n'kunena kuti awawerengere Yesaya, ndipo asatseke pa mwana wa nkhosa. A Stefano anawerenga ndi kamawu kawo kaja. Atafika pa mzere wa Efraimu ndi Yuda anazengereza, anayang'ana mkulu wawo, kenako anauwerenga wonse momveka. Ine ndinayembekezera kuti mwina tsopano timva mawu amene mudzi wonse unawadikira.

“Ukuthamanga,” anatero a Barnaba maso ali otseka. “Mawu amenewo sawerenga ngati nyuzipepala.”

“Pepani, achimwene.”

“Sukulu yonse ija.” Kenako pakamwa panaoneka ngati kumwetulira. “Koma uku ndikupitaku ndikafika ndine woyamba. Ukadzabwera udzandipeza ndikudziwa kale njira zonse.”

“Mudzandilondolera.”

“Ndidzaona.”

Ndi mawu omaliza amene abale awiriwa anayankhulana.

Maliro atatha tinalowa kuchipinda kwawo kukasonkhanitsa zovala. Ine ndinali ndisanalowemo chikulire changa, poti mwana wamkazi salowa kuchipinda kwa amalume ake, ndipo iwo ankasesamo okha. Munalibe zambiri: bedi lachingwe, bokosi lamatabwa, nkhafi yakale pakona. Koma kumutu kwa bedi, pamene pamafika maso a munthu atakhala, panali pochotsedwa njerwa imodzi. Kunja tinkangoona ngati kabowo kolowetsa mphepo. M'mphepete mwake munali mosalala ndi mwakuda chifukwa cha kugwiridwagwiridwa. Ndinakhala pabedipo n'kusuzumira. Simuoneka nyanja, simuoneka msewu kapena tchalitchi. Mumaoneka khonde la a Stefano lokha, chitseko chawo ndi mpando wawo.

Mwana wa a Barnaba wa ku Blantyre uja anachita manyazi, nati titseke msanga anthu asanaone. Tili mkati mokanda dothi a Stefano anatulukira, poti anaona tikutanganidwa kukhoma. Anayang'ana kabowoko nthawi yaitali.

“Kasiyeni.”

“Munkadziwa, amalume?” ndinafunsa.

“Kuyambira chaka chimene anamanga nyumbayi. M'mawa uliwonse ndisanatuluke pakhonde ndinkayamba ndasamba kumaso ndi kuvala malaya abwino, podziwa kuti achimwene akuona.” Anadziyang'ana pachifuwa. Anali atavala vesiti yong'ambika paphewa. “Tsopano ndivalire yani?”

Nsanje imene inandigwira pamenepo sindinaimvepo. Ine ndinawaphikira munthuyo, ndinawachapira, ndinawaikira kumbuyo pamene mudzi wonse unawafulatira, koma sanachotsepo njerwa kuti aone ngati ndadzuka bwino. Maso awo onse, moyo wawo wonse, anapita kwa mnyamatayo, pamodzi ndi zina zonse.

Kabowoko sitinatseke. Chipindacho chili chopanda kanthu tsopano, bedi anatenga ana, ndipo pansi patsala mabowo anayi pamene panakhala miyendo yake. M'mawa dzuwa limalowa pakabowopo n'kugwera pa dothi, pamene panali pilo. Kutsidya kwake a Stefano amatuluka mochedwa masiku ano, amakhala pampando wawo osayang'ana kunyanja, atatembenukira kukhoma lathu.